Kutopa ndi thukuta la usiku pa zaka 47

Achemwali amene mwafunsa za kufooka, thukuta la usiku ndi kumwezi kodumphadumpha pa zaka 47, musathamangire zoti alipo wakulodzani ayi, zikumveka ngati thupi layamba kukonzekera kusiya kusamba. Ambiri zimawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55.

Gwero lake ndi homoni yotchedwa estrogen, kamthenga koyenda m'magazi kouza ziwalo zochita. Anthufe timangoti ntchito yake ndi ya kumwezi ndi kubereka basi, koma imafika mpaka mkati mwa maselo momwe muli tinthu tina amati mitochondria, tili ngati timbaula tosandutsa nsima mwadyayo kukhala mphamvu. Estrogen ikamachepa timbaulato sitiyakanso bwino ngati kale, minofu imayamba kuchepa, mafupa kufooka, mafuta nkumaunjikana pamimba chonsecho kadyedwe simunasinthe. Ndiye muwonjezere tulo. Ubongo umayamba kuona ngati thupi latentha kwambiri, mumadzidzimuka pakati pausiku chitenje chili nyowe, mtima uli phaphapha, kukacha khasu likulemera ngati si lanu. Si ulesi umenewo, apongozi anene zawo.

Vuto la kuno kuchigwa ndi loti October ku Ngabu kapena Nsanje kutentha kumapyola madigiri 40, aliyense thukuta kamukamu, ndiye mayi amangoti ndi dzuwa osadziwa kuti china chikuchitika. Kusiyana kwake, kutentha kwa mahomoniku kumabwera mwadzidzidzi kuchokera pachifuwa kukwera kumaso, mphindi zochepa kwatha, ngakhale mu June.

Komabe pitani kuchipatala kaye akayeze magazi, shuga, BP ndi malungo, poti nthawi imeneyi ena amataya magazi ambiri kumwezi ndipo kuchepa magazi nako kumafoola chimodzimodzi. Zikamakusowetsani mtendere awuzeni adokotala, mankhwala othandiza alipo, osangogula mapilisi pamsika.

Kunyumba idyani usipa ndi matemba ndi minga yake yomwe, nyemba, nandolo, masamba a cham'mwamba, phala la malambe, ndi zabwino ku mafupa ndi magazi. Tiyi musamamwere pa nsima, amatchinga ayironi, mchere wa m'zakudya wothandiza kupanga magazi. Madzi ambiri, ndipo kumunda muzilawirira dzuwa lisanakwiye.

Chinanso, mpaka patatha miyezi 12 osasamba mimba ikhoza kubwerabe, kulera musasiye msanga. Miyezi 12 ikadutsa kenako nkuonanso magazi, olo kadontho, musadikire, kayezetseni khomo la chiberekero.