Funsani Aphungu: Kusaka Ntchito Kwandilanda Tulo

Makalata ambiri amene tawalandira mwezi uno akukamba za nkhawa zimene munthu amakhala nazo pamene akusaka ntchito. Tasankhapo atatu, ndipo monga mwa nthawi zonse, mayina a eni ake sitiwatchula.

FUNSO: Aphungu, ndine mnyamata wa zaka 27 ndipo ndikukhala kwa amalume anga ku Ndirande. Papita zaka zitatu chimalizireni digiri yanga, koma ntchito sinapezekebe. Makalata ofunsira ntchito ndalemba ochuluka, ena kukasiya ndekha m'maofesi, ena kutumiza pa intaneti, koma sindiyankhidwa, ngakhale kungouzidwa kuti sizinatheke. Kumene ndimaona kuti ndingakwanitse amafuna munthu amene anagwirapo kale ntchito zaka zingapo. Amayi anga kumudzi anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti ndiphunzire, ndipo akaimba foni ndimaopa kuyankha chifukwa ndimadziwiratu chimene afunse. Usiku sindigona, chakudya sichindikomera, ndipo anzanga amene ali pantchito ndayamba kuwazemba. Kodi vuto lili ndi ine?

Wodandaula, Ndirande, Blantyre

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi funso lanu lomalizali, chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo kuposa ulova weniweniwo. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa anali asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa ana amenewo lero ndi akuluakulu ofuna ntchito ngati inu. Chaka ndi chaka mayunivesite aboma 6, mayunivesite omwe si aboma, makoleji a aphunzitsi, a anamwino ndi a ntchito zamanja amatulutsa anthu, osawerengera khamu la olemba mayeso a MSCE, pomwe ntchito zolembedwa za malipiro a pamwezi ndi zochepa kwambiri m'dziko limene anthu ambiri amadalira ulimi, geni ndi maganyu. Mwina mukukumbukira zimene zinachitika m'chaka cha 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo angobwera okha kudzayesedwa. Kunakhamukira anthu zikwizikwi m'malo osiyanasiyana, ndipo pa sukulu ya sekondale ya Katoto ku Mzuzu anthu ambiri anavulala chifukwa cha kupondana. Kalata yanu ikafika pa ofesi imakagwera mu mulu wa makalata ochokera ku khamu ngati limenelo, choncho kusayankhidwa sikukuyeza nzeru zanu kapena khalidwe lanu.

Komabe kungodziwa kuti muli ambiri sikubweretsa tulo. Mwa zonse zimene mwatchula, chimene chimadya munthu kwambiri ndi kusayankhidwako. Munthu akakanidwa amadandaula masiku awiri kenako amaiwala, koma amene sanayankhidwe amakhala akudikirabe, foni ikangolira mtima umagunda, ndipo nambala yachilendo ikamuphonya amadziimba mlandu sabata yonse. Ine ndimaona kuti olemba ntchito amene amalephera kutumiza ngakhale uthenga umodzi kwa anthu amene anawaitana ku intaviyu amachita mwano, popeza masiku ano uthenga wa pafoni sutenga nthawi. Koma inu simungawasinthe. Chimene mungachite ndi kudziikira nokha malire. Khalani ndi kope limene muzilembamo kumene mwafunsira, tsiku lotseka kulandira makalata, ndi tsiku limene inuyo mudzaleke kudikira, mwina patatha mwezi umodzi ndi theka. Tsikulo likakwana, khwatchani, nkhaniyo yatha. Akadzakuitanani mochedwa, monga zimachitikira kawirikawiri ndi ntchito za m'boma, zidzakhala zabwino, koma mtima wanu usamangike pa makalata makumi atatu nthawi imodzi.

Pali chinthu china chimene simunachitchule koma ndikudziwa kuti chilipo, ndicho ndalama. Kusaka ntchito kumadya ndalama kwa munthu amene alibe malipiro: kufotokopa masatifiketi, kusindikiza CV, maenvulopu, bandulo ya intaneti, nyuzipepala, ndi minibasi yopita ku Limbe kapena m'tauni n'kubwerako. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera mtengo, ndipo mwamuna wamkulu kupempha amalume ndalama ya basi m'mawa uliwonse kumamuchotsa ulemu pamaso pake pomwe. Ichi ndi chifukwa chake sindilimbikitsa kumwaza makalata paliponse. Makalata asanu olembedwa mosamala, oyankha zimene olembawo apempha mu chilengezo chawo, amaposa makalata makumi asanu ofanana amene mwangosintha adiresi, ndipo amakusiyirani kakobiri m'thumba. Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times mungathe kukaziwerenga ku laibulale m'malo mogula tsiku lililonse. Kwa katapila kokha musayandikireko, chifukwa ngongole yokhala ndi chiwongoladzanja chotere imasandutsa nkhawa imodzi kukhala ziwiri.

Za luso la pantchito limene amafuna, dandaulo lanu ndi lomveka, pakuti munthu sangakhale ndi zaka zitatu pantchito asanalembedwepo. Kuyambira m'chaka cha 2018 boma, kudzera ku Unduna wa Zantchito, lakhala likutenga omaliza maphunziro a ukachenjede kuti akaphunzire ntchito m'maofesi ake, ndipo ngakhale ndalama yake ndi yochepa, kalata imene munthu amatuluka nayo imathandiza. Kumbukiraninso kuti miyezi imene munali pa atachimenti muli ku yunivesite, ntchito ya kalembera kapena ya kafukufuku imene munagwirapo, kuphunzitsa pa sukulu ya pulaiveti, kusunga mabuku a banki m'khonde kapena a komiti ya kutchalitchi, zonsezi ndi ntchito ndipo ziyenera kuoneka pa CV pamodzi ndi dzina la munthu amene angakuchitireni umboni. Achinyamata ambiri amazibisa poganiza kuti ndi zochititsa manyazi, pomwe wolemba ntchito amafuna kudziwa ngati munthuyo anadzukapo m'mawa n'kukagwira chinthu mpaka kuchimaliza.

Tibwere kwa amayi. Mukaleka kuyankha foni yawo, iwo saganiza za kalembera kapena za kwacha, amaganiza kuti mwana wawo wawaiwala kapena walowerera m'tauni. Ayimbireni inuyo, muwauze zoona zake, kuti mukuyesetsa, kuti ntchito zavuta kwa anthu ambiri, ndiponso kuti funso lawolo limakupwetekani ngakhale amafunsa mwachikondi. Amalume nawonso khalani nawo pansi, mugwirizane chimene mungamathandize pakhomo pa nthawi ino, kuti musamadzione ngati mlendo wongodikira nsima. Anzanu amene mukuwazembawo ndi amene amamva msanga malo akatseguka kumene akugwira, ndipo ntchito zambiri za m'makampani ang'onoang'ono sizifika n'komwe mu nyuzipepala.

Kusagona ndi kusadya kumene mwanenako musakutenge mopepuka. Ngati kwapitirira milungu iwiri, ngati mwayamba kudalira mowa kapena chamba kuti mugone, kapena ngati maganizo oti kuli bwino kungofa ayamba kukubwererani, pitani kuchipatala mukafotokoze monga momwe mwandifotokozera ine. Matenda a maganizo amachizika, ndipo thandizo lake silipezeka ku chipatala cha Zomba Mental chokha. Kwa inu a ku Blantyre likupezeka ku Queen Elizabeth, a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, ndipo m'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za matendawa. Malipoti a apolisi a zaka zapitazi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo mavuto a zachuma amatchulidwa kawirikawiri, choncho nkhani ya kulimba mtima ngati mwamuna isakutsekeni pakamwa.

FUNSO: Aphungu, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Bambo wina anandiimbira foni kunena kuti amagwira ntchito ku ofesi imene ndinafunsirako, ndipo akufuna K150,000 pa Airtel Money kuti dzina langa lilowe pa mndandanda wa oitanidwa. Kwina kumene ndinapita ku intaviyu, bwana wina ananditumizira uthenga kuti tikakumane ku malo ogona alendo tikakambirane. Mnzanga akuti ndisiye zonsezi, pali gulu la pa WhatsApp limene likutumiza amayi kunja kukagwira ntchito za m'nyumba. Ndatopa, ndipo ndikuopa kuti ndikakana zonsezi ana anga adzavutika chifukwa cha ine.

Mayi wothedwa nzeru, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Amayi, anthu atatu onsewa aona chinthu chimodzi mwa inu, kuti mwatopa ndipo muli ndi mantha, ndipo kutopa kumeneko ndiko akufuna kudyerapo. Nkhawa ya ulova imafika pomuuza munthu kuti mwayi uwu ukamuphonya sipadzakhalanso wina, ndipo akuba amadziwa kuti munthu wofika pamenepo safunsa mafunso. Ichi ndi chifukwa chake nthawi zonse amakufulumizitsani kuti mutumize lero lomwe, mndandanda usanatsekedwe.

Ndalamayo musatumize. Olemba ntchito enieni salipiritsa munthu kuti aitanidwe ku intaviyu, ndipo kawirikawiri woimba foni wotere sagwira n'komwe ntchito kumeneko, anangopeza nambala yanu pa envulopu, pa CV kapena m'buku la alendo la pageti. Pitani nokha ku ofesiyo, kapena imbani nambala imene ili pa chilengezo chawo, mufunse ngati munthuyo akudziwika. Zikapezeka kuti ndi wantchito weniweni, imeneyo ndi nkhani ya ziphuphu yoyenera kukatulidwa ku bungwe la ACB, ndipo dziwani kuti lamulo lolimbana ndi katangale limagwira wopereka pamodzi ndi wolandira. Ngati ndi ofesi ya boma ndipo mukuona kuti kalembedwe ka ntchito sikanayende mwachilungamo, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere.

Za bwana wa ku malo ogona alendo, musafufute uthenga wake. Lamulo la Gender Equality Act la m'chaka cha 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani za chiwerewere, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Mungathe kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, kapena ku nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amaopa kudandaula poganiza kuti dzina lawo liipa m'maofesi, ndipo sindingakukakamizeni, koma kukana kokha kaneni, chifukwa ntchito yolowera pakhomo limenelo imakhala m'manja mwa munthuyo mpaka tsiku limene adzatope nanu.

Gulu la pa WhatsApp ndilo likundidetsa nkhawa koposa. Amayi ambiri a ku Malawi anapita ku Oman kudzera mwa anthu owapeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, atalonjezedwa malipiro abwino, koma atafika analandidwa mapasipoti, kugwiritsidwa ntchito usana ndi usiku ndi kuchitiridwa nkhanza, mpaka boma ndi mabungwe anachita kulowererapo kuti ena abwerere kumudzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutenga munthu mwachinyengo chotere ndi mlandu pansi pa lamulo la m'chaka cha 2015 loletsa kuzembetsa anthu. Musanapereke pasipoti kapena ndalama kwa wina aliyense, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ngati kampaniyo ili yovomerezeka kutumiza anthu kunja, ndipo muone ndi maso anu mgwirizano wolembedwa wosonyeza dzina la bwana, malipiro, maola ogwira ntchito ndi amene adzalipire tikiti yobwerera. Pakadali pano dipuloma yanuyo ingathe kukudyetsani pang'ono ngakhale musanalembedwe, popeza eni mashopu, masukulu a pulaiveti ndi makopaletivu ambiri amasowa munthu wowakonzera mabuku ndi zamisonkho za ku MRA, ndipo amalipira pa ntchito imene yagwiridwa.

FUNSO: Aphungu, ndinaphunzira zamagetsi ndipo ndili ndi satifiketi ya TEVETA. Ntchito ndimaidziwa, koma ndikalowa m'chipinda cha intaviyu manja amanjenjemera, Chingerezi chimandithawa, ndipo ndimatuluka ndisananene ngakhale theka la zimene ndikudziwa. Andiitananso mwezi wamawa ku Lilongwe. Ndichite chiyani?

Mmisiri wamanyazi, Kasungu

YANKHO: Achimwene, kuitanidwa kokhako kukusonyeza kuti mapepala anu anawakhutiritsa, ndipo akufuna wamagetsi, osati wolengeza nkhani pa wailesi. Mantha anu akukula chifukwa mumayesa kupanga mayankho ndi kuwamasulira nthawi imodzi anthu akukuyang'anani. Sankhani ntchito zitatu zimene munagwirapo, monga nyumba imene munaikamo mawaya, sola imene munalumikiza kapena vuto limene ena analephera inu n'kulipeza, ndipo muzizifotokoza mokweza m'Chingerezi pamaso pa mnzanu madzulo aliwonse mpaka pakamwa pazolowere. Tengani zithunzi za ntchitozo, chifukwa mmisiri akagwira chinthu m'manja amalankhula momasuka. Funso likakupitani, pemphani kuti alibwereze, ndipo mawu akakusowani si mlandu kupempha mwaulemu kuti mufotokoze mfundo imodzi m'Chichewa. Popeza mukuchokera ku Kasungu, nyamukani dzulo lake mukagone kwa achibale kusiyana ndi kudalira minibasi ya m'mamawa, funsiranitu ngati amabweza ndalama ya mayendedwe, ndipo musaiwale chiphaso cha unzika ndi masatifiketi enieni pamodzi ndi mafotokope ake.