Sitima yachidole ikamafooka ndi kuima pakati pa ulendo

Bambo wina wa ku Blantyre wandilembera pa imelo za sitima yachidole imene mlamu wake anatumizira ana kuchokera ku Britain. Akuti imathamanga bwino ikakhala pafupi ndi kabokosi koyendetsera, koma ikafika tsidya lina la njanji imafooka, nyale yake imaphethira, kenako imaima mpaka wina ataikankha ndi chala. Funso lawo ndi lakuti: kodi agule thiransifoma (chipangizo chotsitsa mphamvu ya magetsi a pakhoma asanapite ku njanji) ina yamphamvu?

Bambo, musagule kaye kanthu. Sitima za mtundu wa OO, zomwe ndi zofala ku Britain, zimayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5, ndipo zambiri zimalandira magetsi a DC (oyenda cholowera mbali imodzi) osapitirira mavolti 12. Magetsiwo amachoka m'kabokosi, amadutsa mu njanji imodzi, amakwera m'mawilo kukafika ku mota, n'kubwerera kudzera mu njanji inayo. Popeza sitima yanu ikuthamanga bwino pafupi ndi kabokosi, thiransifoma ikugwira ntchito yake, ndipo chimene chavuta ndi njira imene magetsiwo akudutsa.

Yambani ndi kuonetsetsa ngati sitima imaima pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse. Ngati ndi choncho, yang'anani tizitsulo tolumikizira njanji, chifukwa tizitsuloti ndi timene timaolotsa magetsi kuchoka pa chidutswa china cha njanji kupita pa chinzake. Ana akamamasula ndi kumanganso njanji tsiku ndi tsiku, tizitsuloti timakhwepa, ndipo polumikizira paliponse pokhwepa pamadya mphamvu pang'ono, mpaka kutali kuja kumafika magetsi osakwanira kuzunguza mota. Sitima ikaima, kabokosi kali chiyakire, gunditsani nsonga ya sikuludiraiva pa mphako ya polumikizira kuti ikhudze njanji ya uku ndi ya uko nthawi imodzi. Sitima ikadzidzimuka n'kuyamba kuyenda, mwapapeza. Finyani kachitsuloko pang'ono ndi pulayazi, kapena ikanipo katsopano.

Anthu ambiri amasokera pamenepa akamayeza ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Mita imakoka magetsi ochepa kwambiri, choncho imatha kuonetsa mavolti 12 ngakhale kuseri kwa polumikizira poipa, munthu n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Ine ndimakonda kababu kakang'ono ka galimoto ka mavolti 12 kokhala ndi mawaya awiri, chifukwa kamakoka magetsi ngati mmene mota imakokera. Muzikagunditsa pa njanji zonse ziwiri, chidutswa ndi chidutswa, ndipo pamene kuwala kwake kwayambira kuchepa ndi pamene pali vuto. Ngati njanji zanu ndi zazitali, kokani mawaya ena awiri kuchokera ku kabokosi kukafika tsidya linalo, koma samalani kuti waya wa njanji yakunja upitenso ku njanji yakunja, apo ayi mupanga shoti.

Sitima ikamadukizadukiza paliponse, nthawi zambiri ndi litsiro. Fumbi la m'nyengo yachilimwe likasakanikirana ndi mafuta limapanga kanthu kakuda komata pamwamba pa njanji ndi pamawilo, ndipo kamatchinga magetsi ngakhale kali kosaoneka bwino ndi maso. Pukutani njanji ndi kansalu koyera konyowetsedwa ndi mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi otchedwa isopropyl alcohol, ndipo mawilo muwatsuke ndi thonje la pakamtengo, osaiwala mawilo a mabogi, omwe amabwezera litsiro pa njanji zimene mwangopukuta kumene. Mukatembenuza mutu wa sitima muona timapepala tachitsulo topyapyala tokhudza mawilo cham'kati. Chotsani ulusi ndi tsitsi zomwe zakodwa pamenepo, ndipo onetsetsani kuti kalikonse kakugunda wilo lake. Chonde sandipepa ndi sitiluwulu musayerekeze. Sandipepa imasiya timikwasa tosunga litsiro lochuluka kuposa kale, pamene tinyenyeswa ta sitiluwulu timakokedwa ndi maginito a mu mota n'kuiwononga.

Shoti imadziwika mwa njira ina: sitima imaima mwadzidzidzi, kabokosi kamatentha kapena kamadzizimitsa kokha. Zikatero zimitsani msanga, chotsani zonse pa njanji, fufuzani kamsomali kapena pini yogwera pakati, kenako bwezeranipo mabogi limodzilimodzi mpaka mupeze loyambitsa.

Simunanene za mawaya a kumbuyo kwa kabokosi, koma timabokosi tambiri timakhala ndi potulukira pena polembedwa 16V AC (magetsi osinthasintha mbali yolowera), pomwe ndi pa nyale ndi zipangizo zina. Pamenepo musalumikizepo njanji, chifukwa mota ya DC imangolira n'kutentha mpaka kupsa. Za soketi yapakhoma musade nkhawa, popeza Britain ndi Malawi onse amagwiritsa ntchito mavolti 230 ndi pulagi yofanana ya mano atatu. Ikanakhala yochokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi mavolti 120, ndikanakuuzani kuti muwerenge zolembedwa pa thiransifoma musanaiike pakhoma.