Kwa achimwene amene akuopa wailesi mumlengalenga wa Joni

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu amene anatenga laisensi ya PPL (yoyendetsera ndege zosachita malonda) pa kabwalo kena ka ndege kakugombe, ndipo ntchito yamubweretsa ku Johannesburg. Akufunsa kuti azibwereka ndege pa bwalo liti, komanso ma frequency (manambala otcherapo wailesi ya m'ndege) oyenera kuwadziwa ndi ati. Kumapeto wawonjezera kuti akufuna bwalo lopanda tower (nsanja ya otsogolera ndege pa wailesi), chifukwa Chingerezi chake chimamveka chakumudzi ndipo safuna kukachita manyazi pa wailesi.

Achimwene, apa ndiye mwandiputa.

Nditangoyamba kuphunzira kuno, mlangizi wanga woyamba anali ndi chizolowezi chondilanda wailesi. Ndikangochedwa pang'ono kuyankha, iye wadina kale batani, walankhula, wamaliza. Ankati akundisungira nthawi. Ndalama ya ola lililonse inali yanga, yopezeka movutikira, koma pakamwa panali pake. Tsiku lina masana tili m'mwamba, ndinanena pamene tinali ndi komwe tikulowera. Patapita kamphindi, munthu wina pa frequency yomweyo anabwereza mawu anga mondiyesa, kukokomeza mmene ife timasakanizira l ndi r. Sanatchule dzina la ndege yake. Mlangizi wanga anaseka mpaka kugwedeza mapewa. Ine ndinangoti zii, thukuta lili kamukamu, ndipo ulendo wonse wobwerera sindinakhudzenso batani lija. Mwezi womwewo ndinachoka pa sukuluyo.

Amene ndinawapeza kwinako anali mayi achikulire, osakonda zocheza. Asanandikweze ndege anandibwereka kawailesi kam'manja n'kundiuza kuti ndizikakhala m'galimoto pafupi ndi mpanda wa bwalo, ndizilemba zonse zimene ndikumva. Poyamba zinkangomveka phokoso. Kenako khutu linatseguka, ndipo ndinayamba kumva kuti mawu ndi omwewomwewo, amabwera mu dongosolo limodzi: ukuitana ndani, ndiwe ndani, uli pati, pa msinkhu wanji, ukufuna chiyani. Ndinamvanso kuti pa wailesipo pali ana asukulu ochokera ku Nigeria, ku India, ku maiko a Aluya, pali azungu olankhula Chingerezi cholemera ndi Chiafrikaans, ndipo ena mwa okhala mu tower ndi Azulu ndi Asotho. Aliyense ali ndi kalankhulidwe kakwawo. Lamulo la ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, limafuna kuti Chingerezi chako chifike pa level 4, kutanthauza kuti uzimveka ndipo uzimva. Palibe pamene linanena kuti uzilankhula ngati wa ku London.

Ndiye ndinene mosabisa: maganizo othawira ku bwalo lopanda tower ndi olakwika, ndipo kuno ndi oopsa. Mu tower muli munthu amene ntchito yake ndi kukumverani. Mukabwereza molakwika zimene wakuuzani, amakukonzani pomwepo. Mukapanda kumva mumangoti "say again", iye amabwereza, nkhani yatha. Pa bwalo lopanda tower palibe wokukonzani. Mukanena kuti muli kumanzere pamene muli kumanja, mnzanu akufunafunani kumene kulibe inu.

Komanso ku Joni wailesi simungaithawe. Pamwamba pa mzindawu pali mlengalenga wolamulidwa wa ndege zikuluzikulu zotera ndi kunyamuka pa OR Tambo, ndipo m'madera ambiri umayambira pa mafiti 7,600. Nthaka yeniyeni ya mzindawu ili kale pamwamba pa mafiti 5,000. Ndege zing'onozing'ono zonse, mahelikoputa, ana asukulu, onse amapanikizana mu kampata kotsalako, kamene amakatcha Special Rules Area. Mumakhala ngati pa depoti ya minibasi Lolemba m'mawa, koma popanda hutala. Chokupulumutsani ndi maso ndi pakamwa. Munthu wouluka mmenemo ali chete chifukwa cha manyazi ndimamuopa kuposa wolankhula Chingerezi chothyoka.

Pali china chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kuposa ma frequency, popeza mwaphunzirira kugombe. Rand Airport ili pa mafiti pafupifupi 5,500. Masana a mu Disembala kukatentha kufika madigiri 30, mpweya umapepuka moti injini ndi mapiko zimagwira ntchito ngati muli pamwamba pa mafiti 8,000. Kandege ka Cessna 172, ndege imene munkaiona ikudzuka msanga kugombe, kuno imathamanga pansi nthawi yaitali, ndipo ikadzuka imakwera mwaulesi. Muyenera kuphunzira kuchepetsa mixture (mafuta osakanikirana ndi mpweya mu injini) musananyamuke, ndi kuwerengera kulemera kwa anzanu musanawalonjeze ulendo. Onjezani mvula ya mabingu ndi matalala imene imakonda kubwera masana m'dzinja, mudzamvetsa chifukwa chake anthu ozolowera amalimbirana ndege za m'mamawa.

Poti ndatchula Rand, ndivomere kuti ndimaikondera. Inatsegulidwa mu 1931 ndipo inali bwalo lalikulu la mzindawu ndege za jeti zisanabwere. Nyumba yake yakale idakalipo. Pambali pali malo osungirako ndege zakale za South African Airways, ndipo pali Boeing 747 yotchedwa Lebombo, imene anaiteretsa pomwepo mu 2004 pa kamsewu kopapatiza koti ukakaona umadabwa kuti zinatheka bwanji. Ana anga ndinawatengerako, anakondwa kuposa tsiku limene ndinawakweza ndege yeniyeni. Zinandiwawa pang'ono, koma tizisiye.

Nanga mabwalowo?

OR Tambo iwalani, si ya ife. Lanseria, kumpoto chakumadzulo, ndi bwalo labwino ndipo lili ndi a kasitomu ndi a imigireshoni, choncho tsiku lina mukadzafuna kuwoloka malire kulowera kwathu mukhoza kudzanyamukira pamenepo. Vuto lake n'lakuti mumagawana msewu ndi ma Boeing 737 onyamula anthu, ndipo mukaima pamzere injini ikulira, ndalama yanu ikupita. Grand Central ili ku Midrand, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain, ili ndi msewu umodzi woterapo ndege, ndipo mphepo ikamaomba cham'mbali mulibe kwina kothawira. Rand ku Germiston ili ndi misewu iwiri yopingasana, koma yayandikana kwambiri ndi malire a mlengalenga wa OR Tambo, kotero kusochera pang'ono kumakulowetsani mosaloledwa. Wonderboom, kumpoto kwa Pretoria, ndi yotsikirapo, mafiti pafupifupi 4,100, ndipo ndege imapumako bwino.

Manambala ndi awa. Tower ya Rand 118.7, Grand Central 122.8, Lanseria 124.0. Special Rules kummawa 125.4, kumadzulo 125.8, kummwera 125.6. Kunja kwa madera amenewa, mukamauluka m'munsi, 124.8. Zikavuta 121.5, ndipo wailesi ikafa ikani 7600 pa transponder, kachipangizo kamene kamakuonetsani pa radar. Manambala amasintha, choncho muzitsimikizira mu AIP (buku la boma la mabwalo ndi malamulo a ndege) ndi ma NOTAM (zidziwitso kwa oyendetsa ndege) tsiku lililonse louluka, osadalira blog ya munthu.

Sankhani bwalo la tower limene lili pafupi ndi kumene mukugona, chifukwa msewu wa N1 m'mawa ukhoza kukudyerani ola limene munasungitsa. Lipirani mlangizi maola awiri kapena atatu akuzungulitseni mu Special Rules n'kukuonetsani zizindikiro zapansi zimene anthu amatchula, ndipo mumuuze musanakwere kuti batani la wailesi ndi lanu, asalikhudze pokhapokha zitavutitsitsa.