Ufa wa whey ukamachita mibulu

Mnyamata wina wonyamula zitsulo kuno ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti anagula zitini ziwiri za whey protein. Ufa wa m'chitini china umasungunuka msanga, koma winawo umachita mibulu, wayamba kufiirira ndipo ukununkha ngati mkaka wopserera. Akufunsa ngati kaumitsidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa.

Inde achimwene, ndipo kwa ife akunyanja izi si zachilendo. Usipa woyanika padzuwa ndi usipa wofutsa ndi nsomba imodzimodzi, koma m'mbale simungazisokoneze.

Whey ndi madzi otsala popanga tchizi, ofanana ndi aja amalekana ndi chambiko. Kufakitale amawasefa mpaka mapuloteni afike 80 peresenti, kapena 90 mu ufa umene amautcha isolate, kenako amaumitsa. Njira yofala ndi spray drying. Amapopera madziwo ngati nkhungu m'chitanki chachitali mmene mukudutsa mpweya wotentha pafupifupi madigiri 180. Musadzidzimuke ndi nambalayo. Kadontho kalikonse kamauma m'masekondi ochepa, ndipo madzi akamauluka amakaziziritsa, monga thukuta limachitira pakhungu. Palinso freeze drying, pomwe amayamba aundanitsa madziwo n'kuchotsa ayeziyo popanda kumusungunula. Ufa wake ndi wabwino zedi, koma njirayi imatenga nthawi ndi magetsi ambiri, choncho imadula. Yachikale ija yowumitsira pa chimgolo chachitsulo chotentha ndiyo imapsereza kwambiri.

Puloteni wamkulu wa mu whey, beta-lactoglobulin, amayamba kusintha maonekedwe kutentha kukafika cha m'ma madigiri 70. Akasintha amamatirirana, ufa n'kuvuta kusungunuka. Koma sanawonongeke ayi. Dzira lowiritsa nalonso lasintha, komabe limamanga thupi. Ufa wina umasungunuka bwino chifukwa chabe anauthira lecithin, mtundu wa mafuta wothandiza ufa kusakanikirana ndi madzi, ndiye mibulu payokha isakudetseni nkhawa.

Chimene chikundidandaulitsa ndi kufiirira kuja. Pamatenthedwe, shuga wa mumkaka, lactose, amagwirana ndi lysine, imodzi mwa ma amino acid (tizigawo topanga puloteni) amene thupi silingapange lokha. Lysine akagwidwa chotero thupi silimupezanso, ndiye mbali ya ndalama zanu yapita. Izi sizithera kufakitale. Zimapitirira pang'onopang'ono m'chitini ngati ufa ukutenthedwa ndi kukoka chinyezi. Ufa umachoka kufakitale uli ndi madzi pafupifupi 5 peresenti, koma taganizirani chitini chimene chakhala pashelefu ya golosale ya malata mwezi wonse wa Okutobala, kapena chotsegulidwa m'nyengo ya dzinja m'mbali mwa mtsinje wa Shire.

Pachitini salemba kawirikawiri mmene anaumitsira, ndiye yang'anani tsiku lothera ntchito, ndipo mugule kumene katundu sakhalitsa. Kunyumba chitsekeni zolimba, musachisiye pawindo kapena pafupi ndi mbaula, ndipo supuni yonyowa isalowemo. Chitini chofiiriracho, ngati ufa wauma gwa ngati mwala kapena ukununkha nkhungu, musaumve chisoni achimwene, tayani.