Kwa achemwali amene andifunsa za Natasha Trethewey

Achemwali ena anditumizira imelo. Akuti mayi awo anaphedwa ndi mwamuna wawo kalekale, ndipo akati alembe ndakatulo yowakumbukira, dzanja limangouma. Anamva kuti ku America kuli mlakatuli amene zomwezi zinamuonekera, ndiye akufuna kudziwa kuti ndi ndani, nanga anakwanitsa bwanji.

Pepani kwambiri, achemwali. Munthuyo ndi Natasha Trethewey. Anabadwa mu 1966 ku Gulfport, m'chigawo cha Mississippi. Mayi ake anali wakuda, bambo ake mzungu wa ku Canada, mlakatulinso. Malamulo a ku Mississippi ankaletsa ukwati wotere, moti makolowa anakamangitsa ukwati wawo ku Ohio. Banja litatha, mayi anasamuka naye kupita ku Atlanta n'kukwatiwanso. Mwamuna wachiwiriyo ndi amene anawawombera ndi mfuti mu 1985, atasudzulana kale. Natasha anali ndi zaka 19.

Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti sanathamangire kulemba za imfayo. Buku lake loyamba, Domestic Work, linatuluka mu 2000, ndipo likukamba kwambiri za agogo ake ndi ntchito za anthu akuda. Pa nkhani ya mayi ake anafikapo mozungulira. Ankafufuza za asilikali akuda a ku Louisiana amene pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ankalondera akaidi achizungu pachilumba cha Ship Island, pafupi ndi kwawo, koma mbiri inawaiwala. Ali mkati molemba za iwowa, anaona kuti nawonso manda a mayi ake analibe chipilala. Nkhani ziwirizi zinakumana m'buku la Native Guard la mu 2006, limene linamupatsa mphoto ya Pulitzer, imodzi mwa mphoto zapamwamba za olemba ku America, chaka chotsatira. Kwa ine, ndakatulo zolira mayi ake ndi zimene zimalipatsa mphamvu bukuli.

Kuyambira 2012 mpaka 2014 anali mlakatuli wa dziko lonse la America, ndipo waphunzitsa ku yunivesite za Emory ndi Northwestern. Kutchukako kunabwera ndi chinthu chopweteka: atolankhani ankawatchula mayi ake mongodutsa, ngati munthu amene anangophedwa basi. N'chifukwa chake mu 2020, patatha zaka 35, anatulutsa Memorial Drive, buku lofotokoza moyo wa mayiwo, kulimba mtima kwawo ndi mmene anayesetsera kuthawa nkhanza za m'banjamo.

Ndiye achemwali, simunachedwe, ndipo palibe akukukakamizani kuyambira pa tsiku loopsalo. Yambirani pa ntchito imene mayi ankagwira, nyimbo imene ankaikonda, kapena mmene ankakuitanirani. Mukaona kuti zikukulemerani, siyani kaye, mucheze ndi munthu amene mumamukhulupirira. Mukalemba ndime yoyamba, nditumizireni ngati mungafune. Ndiiwerenga ndekha, sindiionetsa wina aliyense.