Yankho kwa mayi amene akufuna kamera yaing'ono yotsika mtengo yoyambira kujambula

Mayi, ndawerenga funso lanu lakuti mukufuna kamera yaing'ono, yosavuta kugwiritsa ntchito komanso yosaboola m'thumba, yoti muzijambulira kwaya ya kumpingo kwanu, zinkhoswe za abale ndi maulendo a kunyanja, ndiponso kuti mwaona ina ikutsatsidwa pa Facebook, yolembedwa kuti 48MP ndi 4K, pa mtengo wotsika kwambiri. Ndiyambe ndi kamera mwaionayo, poopa kuti mungatumize ndalama musanamve zonse. Ngati ilibe dzina la kampani yodziwika yopanga makamera, ndipo pafupi ndi lenzi yake palembedwa kuti 16X digital zoom, chonde musaigule. Makamera a mtundu umenewu amakhala ndi kasensa (kachipangizo ka m'kati kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) kakang'ono kwambiri ndi lenzi yosasuntha, ndipo nambala ya 48MP imabwera chifukwa chakuti pulogalamu ya m'kati imangotambasula chithunzi chaching'ono kuti chikhale chachikulu, popanda kuwonjezerapo chilichonse chimene lenzi yaona. Foni imene mwalembera funso lanuli mwina imajambula bwino kuposa kamera yoteroyo.

Ogulitsa amakonda kutchula ma megapixel (MP, kutanthauza mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi) chifukwa ndi nambala yosavuta kuikumbukira, koma kwa inu ndi nkhani yochepa. Kuti mutsukitse chithunzi cha mu alubamu cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, chooneka bwino ndithu, pamafunika ma megapixel oposa 2 pang'ono chabe, ndipo chithunzi chodzaza pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 9. Choncho kamera ya kampani yodziwika yokhala ndi 12, 16 kapena 20 ikukwanirani, ndipo kusiyana kwa nambala zimenezi simudzakuona pa chithunzi chopachika pakhoma.

Chimene chingakupatseni chifukwa chenicheni chogulira kamera pamene muli kale ndi foni ndi lenzi yotha kukoka zinthu zakutali, imene imalembedwa kuti optical zoom. Mukayatsa kamera yotere, lenzi imatuluka, ndipo mukakankha kabatani kokokera chithunzi mumaiona ikutalika komanso mumamva kamota kakulira, chifukwa magalasi a m'kati akusunthadi. Digital zoom, imene mafoni ambiri otsika mtengo amadalira, imangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, ndipo n'chifukwa chake nkhope za oimba a mzere wakumbuyo zimatuluka zosazindikirika mukajambula ndi foni muli pa benchi yakutali. Pa ntchito mwatchulayo, optical zoom ya 5x (yokoka chithunzi kasanu) ndi poyambira chabe, ya 8x kufika 12x ndiyo ingakusangalatseni, ndipo ngati mumalakalaka kudzajambula mbidzi ku Nyika kapena njovu ku Vwaza, mudzafuna 30x kapena kuposerapo. Onaninso ngati kamerayo ili ndi chida cha mu lenzi choletsa chithunzi kugwedera, chimene a Canon amachilemba kuti IS, a Nikon VR, ndipo a Sony Optical SteadyShot, pakuti munthu akakoka chinthu chakutali, kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumaonekera kwambiri pa chithunzi.

Pali chinthu china chimene wogulitsa sangakuuzeni, ndipo ndi bwino muchidziwiretu kuti musadzakhumudwe. Makamera ang'onoang'ono otsika mtengo pafupifupi onse ali ndi sensa ya mamilimita 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, kapena pafupi ndi pamenepo. Sensa imalandira kuwala monga momwe beseni limakingira madzi a mvula: laling'ono limakinga ochepa. Panja masana zithunzi zimatuluka zokongola, koma m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira kapena pa phwando la usiku zimachita timadontho ndipo aliyense amene wasuntha amaoneka mbuu. Fulashi ya kamera yotere imafika mamita pafupifupi 3, kotero singathandize kuwalitsa kwaya imene yaima kuguwa inu muli kukhomo. Mafoni atsopano okwera mtengo amajambula bwino mumdima kuposa makamera amenewa chifukwa amaphatikiza zithunzi zingapo kukhala chimodzi. Kamera yaing'ono imene imachita bwino m'nyumba ndi monga Sony RX100, imene inatuluka koyamba mu 2012, yokhala ndi sensa ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, yokula pafupifupi kanayi kuposa ya zinazo, koma ngakhale yogwirako kale ntchito mtengo wake si wa munthu woyamba kumene.

Mwina mwadabwa kuti m'masitolo a zamagetsi kuno ku Mzuzu makamera amenewa sakuonekanso monga kale. Vutoli si la kuno kokha. Bungwe la CIPA la ku Japan, limene limawerengera makamera opangidwa ndi makampani akuluakulu, linasonyeza kuti mu 2010 anatumizidwa kumisika makamera oposa 120 miliyoni, koma pofika mu 2023 anali osakwana 8 miliyoni, ndipo amene anatsika kwambiri ndi ang'onoang'ono omwewa chifukwa mafoni anawalanda msika. Makampani ambiri anachepetsa kapena kusiyiratu kupanga otsika mtengo. M'zaka zaposachedwapa achinyamata a m'maiko ena ayambanso kuwakonda, zimene zakweza mitengo ya akale pa intaneti. Onjezerani pamenepo kugwa kwa kwacha, monga muja inatsitsidwira mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mumvetsa chifukwa chake kamera imene kale inali yotchipa lero ikutchulidwa mtengo wodabwitsa.

Tsopano nditchule maina. Pa makamera atsopano amene akupezekabe m'masitolo a kunja, otsika mtengo kwambiri koma enieni ndi Kodak PixPro FZ45 ndi FZ55. Onse awiri ali ndi ma megapixel 16. FZ45 imakoka 4x ndipo imayendera mabatire awiri a AA, pamene FZ55 imakoka 5x ndipo ili ndi batire yakeyake yotchaja. Ndi makamera osavuta, oyenera kujambulira banja panja masana, koma zoom yake ndi yochepa pa nkhani ya kwaya, ndipo alibe chida cha mu lenzi choletsa kugwedera.

Ine ndikanakhala inu ndikanafunafuna yogwirako kale ntchito ya Canon, Sony, Nikon kapena Panasonic, imene yasamalidwa bwino. Canon IXUS 285 HS ya mu 2016 ndiyo ndingaiike patsogolo, chifukwa imakoka 12x, ili ndi IS, imalowa m'kachikwama ka m'manja, ndipo ili ndi Wi-Fi yotumizira zithunzi ku foni. Dziwani kuti ku America kamera yomweyi imatchedwa PowerShot ELPH 360 HS, kotero m'bale wanu akakutumizirani ya dzina limenelo musaganize kuti walakwitsa. IXUS 185 ndi yotsikirapo mtengo ndipo imakoka 8x, koma ilibe IS ya mu lenzi, choncho imafuna dzanja lokhazikika. Kwa Sony, DSC-W830 imakoka 8x ndipo ili ndi Optical SteadyShot, ndiye ndi yabwino kuposa W800 imene imangofika 5x, ngakhale kuti ziwirizi zimaoneka zofanana kwambiri zikaikidwa pamodzi. Ngati simukudandaula kunyamula kamera yokulirapo yokoleka m'khosi, Nikon Coolpix B500 imakoka 40x, ili ndi VR, sikirini yake imapendekeka, ndipo imayendera mabatire anayi a AA. Pa kwaya, pa mpira ku Mzuzu Stadium ndi pa nyama za kutchire, imeneyi imaposa zonse ndatchulazi, ndipo kugwiritsa ntchito kwake n'kosavuta chimodzimodzi: kuika pa Auto, kuloza, n'kudina.

Nkhani ya batire muiganizire mozama kuposa ya mtundu wa kamera, chifukwa makamera ambiri amene angogona m'madirowa m'nyumba za anthu si kuti anawonongeka, koma batire inatha mphamvu kapena tchaja inatayika ndipo ina sinapezeke. Kamera iliyonse ili ndi batire ya mtundu wakewake: ma IXUS ndatchulawa amagwiritsa ntchito NB-11L kapena NB-11LH, pamene Sony W800 ndi W830 zimagwiritsa ntchito NP-BN. Musanagule, lembani nambala ya batireyo ndipo mufunse ngati ingapezeke kuno, ku Lilongwe, kapena kwa amalonda amene amakapikula katundu ku Dar es Salaam. Batire yatsopano ya makamera ang'onoang'onowa imajambula zithunzi pafupifupi 200, ndipo yakale imachepera pamenepo, kotero pa chinkhoswe cha tsiku lonse mufunika ziwiri, makamaka poganizira kuti magetsi amatha kuzima usiku umene mumafuna kutchaja. Ubwino wa kamera ya mabatire a AA ndi wakuti amapezeka ngakhale pa golosale ya kumudzi, koma mabatire otchipa a mu tochi ndi mu wailesi amatha mutangojambula zithunzi zowerengeka. Gulani otchaja a mtundu wa NiMH pamodzi ndi tchaja yake, ndipo musunge a alkaline oti n'kudzakupulumutsani. Tchaja ikachokera ku America, werengani pamsana pake ngati palembedwa 100–240V musanaiike pa soketi, popeza magetsi athu ndi a 230V.

Memori khadi nayo ili ndi msampha wake. Makhadi a SDHC amafika 32GB, ndipo okulirapo kuposa pamenepo ndi a SDXC, amene makamera ambiri opangidwa chaka cha 2010 chisanafike sawawerenga. Khadi ya 16GB kapena 32GB ikukwanirani, ndipo imasunga zithunzi masauzande. Pewani makamera akale kwambiri a Sony olandira Memory Stick yokha, kapena a Olympus ndi Fujifilm olandira xD, chifukwa makhadi amenewo ndi osowa ndiponso odula. Makhadi achinyengo nawo alipo ambiri, olembedwa nambala yaikulu koma otaya zithunzi akangodzaza pang'ono, choncho khadi mugule m'sitolo imene mungabwerereko.

Pogula kamera yogwirako kale ntchito, musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene simunakumane naye. Kumanani masana pamalo poonekera, mutatenga khadi yanu, ndipo mupemphe mphindi zingapo zoiyesa. Iyatseni ndi kuizimitsa kangapo mukuyang'ana lenzi: iyenera kutuluka ndi kubwerera mosakakamira, mopanda phokoso la kukhukhuza, ndipo uthenga wakuti lens error ukangooneka ngakhale kamodzi, isiyeni, pakuti kukonza lenzi ya kamera yaing'ono nthawi zambiri kumadya ndalama zoposa mtengo wa kamerayo. Kokani zoom mpaka pamapeto, mujambule khoma loyera kapena thambo, kenako mukulitse chithunzicho pa sikirini. Mukaona kadontho kakuda kamene kakubwera pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, ndi fumbi limene lalowa pa sensa, ndipo silingachoke popanda kumasula kamera yonse. Walitsani tochi ya foni mu lenzi chammbali, muone ngati muli timizere toyera tochita nthambi, chimene ndi chuku. Tulutsani batire muiike pa tebulo. Ikamagwedera kapena kuzungulira mosavuta ndiye kuti yafufuma ndipo yatha ntchito. Yang'ananinso mmene mumalowa mabatire ngati muli zobiriwira kapena zoyera za mabatire otuluka madzi, yesani fulashi, ndipo mutsegule menyu muone ngati ili ndi Chingerezi, chifukwa makamera ena a Sony ndi Panasonic opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi Chijapani chokha. Mukaitanitsa kuchokera kunja, werengeranitu ndalama zotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu, kuti muyerekeze mtengo wonse ndi wa imene ikupezeka kuno.

Mukaipeza, kumbukirani kuti nyengo yathu ya ku Mzuzu, ya mvula yambiri ndi chifunga cha m'mawa, ndi imene imameretsa chuku mu lenzi. Musaisunge m'kabati ya zovala yotsamira khoma lonyowa, kapena kuisiya miyezi m'kachikwama kake kansalu. Iikeni m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muchotsemo mabatire ngati simuigwiritsa ntchito kwa milungu ingapo. Ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche mdani wamkulu ndi mchenga, chifukwa kamchenga kamodzi kakalowa m'mphepete mwa lenzi kangaiimitse. Musaiike pansi pagombe, ndipo muziizimitsa kuti lenzi ibwerere m'kati mukangomaliza kujambula.

Pojambula penipenipo, chizolowezi chimodzi chimene chimasintha zithunzi za woyamba kumene ndi kudina batani mwatheka kaye, kudikira kuti kabokosi ka pa sikirini kabiriwire kusonyeza kuti nkhope yagwidwa bwino, kenako n'kumalizitsa kudina modekha, zigongono zili zotsamira m'nthiti. Kwaya muipemphe kuti ijambulidwe panja mapemphero akatha, pamthunzi wowala kapena dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo mujambule katatu kapena kanayi chifukwa pagulu sipalephera wina wophethira. Kuti zithunzi zifike msanga pa WhatsApp ya kwaya pamene kamera yanu ilibe Wi-Fi, gulani kachipangizo kowerengera khadi kolowa ku foni, kogwirizana ndi polowera tchaja pa foni yanu, kaya ndi USB-C kapena micro USB, ndipo mukamatumiza zithunzi zoti zikatsukidwe, muzitumize ngati document kuti WhatsApp isazichepetse.