Query ya ku database yomwe imachedwa mwa apo ndi apo

Mwati query imodzimodziyo nthawi zina imabwera m'kuphethira kwa diso, nthawi zina imatenga masekondi angapo, ndipo mukugwiritsa ntchito Django (chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti) ndi database ya PostgreSQL. Musathamangire kuwonjezera ma index (mindandanda yothandiza database kupeza zinthu msanga), achimwene. Yambani mwadziwa komwe nthawiyo ikuthera.

Mu PostgreSQL, ikani log_min_duration_statement pa 500 (ma millisecond) kuti database izilemba mu log query iliyonse yopitirira theka la sekondi. Pulogalamu ikachedwa koma mu log mulibe kanthu, vuto si query imodzi ayi. Mwina ma connection onse anali otanganidwa ndipo pempho lanu limangodikira pamzere, kapena ORM, gawo la Django lomwe limakulemberani ma query, ikutumiza tima query tambirimbiri. Ndinaonapo tsamba lina likutumiza query pa oda iliyonse payokha. Kwa kasitomala wa maoda atatu palibe amene ankazindikira, koma kwa wa maoda mazanamazana tsambalo linkayenda ngati bilimankhwe. select_related ndi prefetch_related, njira za Django zotengera zinthu zogwirizana ndi ma query ochepa, ndi zomwe zinatipulumutsa.

Query yochedwayo ikaoneka mu log, yang'anani pg_stat_activity, yomwe imaonetsa zomwe connection iliyonse ikuchita, nthawi yomwe ikuchedwayo. M'menemo, wait_event_type ikamanena Lock, ndiye kuti transaction ina yagwira mizere kapena table osaisiya. Yatsaninso auto_explain kuti izilemba plan, njira yomwe database yasankha poyendetsa query, chifukwa plan imatha kusintha malinga ndi ma parameter omwe mwatumiza.